Mafunso Aja Anali Anga

Lolemba, 20 Okutobala

Apolisi a boma lalikulu alowa mu ofesi ya Seneta Anthea Sarkis lero. Ya Anthea! Zaka zonsezi ndili seneta muno mu Canberra, ndakalipira nduna za mbali zonse, koma palibe wapolisi amene anagogodapo pachitseko cholembedwa Clarrie Bostock ngakhale kudzapempha madzi akumwa. Mwana wabwera dzulodzuloli, apolisi gulu, chilolezo cha khoti m'manja, makamera pambuyo ngati ukwati.

Ofesi yake ili moyang'anana ndi yanga, ndiye ndinaima pakhomo ndi kapu ya tiyi. Iye ali njo, jekete yofiira ija, n'kunena mawu aja mokweza kuti makamera atole bwino: zonse zili muno ndi za ntchito ya Seneti, zili pansi pa chitetezo cha Nyumba. Munthu akatero apolisi sawerenga kanthu. Amaika mapepala ndi makompyuta m'matumba, kumata, kusainirana, n'kukasiya kwa Mlembi wa Seneti mpaka komiti igamule ngati atsegulidwe kapena abwezedwe. Matumba asanu. Anawaperekeza yekha pang'onopang'ono ngati maliro a munthu wamkulu.

Apolisi akusaka amene anatulutsa mapepala a kampani yogulitsa nyama ya Barrowgate. Ine ndikumudziwa. Ndi W., mnzanga wa ku Rockhampton, tinkasenda limodzi ng'ombe tili anyamata, iye n'kudzakhala woyeza nyama wa boma. Dzina lake lonse sindilemba paliponse. Ndi iye anaona kuti nyama imene waikana ikudindidwa chidindo n'kukwera sitima. Mapepala anabwera nawo kwa INE, m'bokosi la ayezi, pansi pa nkhanu. Mafunso okapanikiza nawo a kuunduna ndinalemba INE. Bondo ndi limene linandipereka: sabata yofunsa maunduna inafika mu Meyi ndili chigonere m'chipatala, ndiye ndinamuitana A., n'kumupatsa zonse. Anakafunsa, dziko linagwedezeka. Dzina langa sanalitchule ngakhale kamodzi.

Wosenda ng'ombe wina, wodya chiwindi wina.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Nyuzipepala zonse tsamba loyamba, jekete yofiira. Ina yalemba kuti "Sarkis, mkazi wosaopa". Maluwa pakhomo pake mpaka kusowa popondera. Ena awasiya pakhomo panga molakwitsa, ndawawolotsa ndi phazi.

Ndinamuimbira Glenys kuti andimvere chisoni. Mkazi wanga uja chisoni anachisiya kutchalitchi tsiku la ukwati. Akuti, "Bambo inu, ndiye mwakwiya chifukwa apolisi sanakusecheni? Dikirani Lachisanu mudzafike, ndidzakusechani ndine, ndiyambire m'thumba mumabisa fodya lija."

Ndadula.

Lachitatu, 22 Okutobala

Seneti yatumiza nkhani ya matumba ku komiti yoona za chitetezo cha Nyumba. Komiti yanga. Tilimo asanu ndi atatu: anayi a boma, atatu otsutsa, ine ndekha wopanda chipani. Ndikaima ndi otsutsa tifanana, ndipo wapampando Haddrick, amene ndi wotsutsa, aponya voti yodula, matumba abwerera osatsegulidwa. Ndikaima ndi boma apita kupolisi, W. akavala yunifolomu ina, ya kundende.

Zaka zonsezi komiti iyi inali yodyera mabisiketi. Lero foni sikupuma. Ndinakondwako, ndisaname. Koma aliyense funso lake ndi limodzi: "A Seneta, kodi Seneta Sarkis ndi munthu wotani mukakhala naye pafupi?"

Ndi munthu amene amaiwala kubweza sitepula. Sanalembe.

Lachinayi, 23 Okutobala

A. wandipeza kukantini, n'kukhala osapemphedwa.

"Madala, bondo lili bwanji?"

"Likuyenda. Silinatuluke m'nyuzi koma likuyenda."

Anaseka pang'ono, kenako anatsitsa mawu. Akuti akupempha chinthu chimodzi chokha, ndikhale chete mpaka voti.

"Chete ndakhala kuyambira Meyi, mtsikana iwe."

"Ndikudziwa. Koma mukangonena kuti mapepala anadzera kwa inu, akuchotsani mukomiti, poti munthu saweruza mlandu umene alimo. Atsala anayi kwa atatu. Ndipo apolisi angowoloka khonde ili. Mnzanuyo ine sindinamuonepo nkhope. Inu muli naye m'foni, pazithunzi, pabwato."

"Ndiye chifukwa chake sunanditchule?"

"Inu mumayesa chiyani?"

Ndimayesa zomwe ndikuyesabe. Munthu atha kuteteza mnzake uku akusirira chithunzi chake m'nyuzi, manja ndi awiri. Komanso chomwe akupemphacho si choyera, woweruza kubisa kuti nkhani imamukhudza, ndipo akupempha ine amene dziko lonse limandidziwa kuti ndimalankhula mosapsatira. Ndinamuuza zimenezo. Anati, "Mosapsatira mudzalankhule W. atapulumuka." N'kunyamuka, kundisiyira theka la chitumbuwa chake cha nyama ngati ndine galu wa pakantini.

Ndinadya. Chinali chabwino.

Loweruka, 25 Okutobala

Kwathu. Kutentha kwa Rockhampton kwayamba msanga chaka chino. Tinapita kumtsinje ndi W. kukazula misampha ya nkhanu monga mwa nthawi zonse, poti kusiya mwadzidzidzi ndiye anthu angadabwe.

Waonda. Lamba waboola bowo lina. Kuntchito akuitana woyeza aliyense payekhapayekha.

"Achimwene, akatsegula matumba aja ine ndatha. Pepala lililonse limaonetsa makina amene analisindikiza, ndipo tsiku limenelo pamakina paja ndinali ndekha." Anayang'ana madzi. "Mwana wanga Leanne akukwatiwa Disembala. Ndimafuna ndimuperekeze ndekha kuguwa, osati amalume ake."

Ndinamuuza kuti voti yanga ndi yake, asataye tulo. Ndinanena ndi mtima wonse.

Kenako nkhope yake inawala, koyamba tsiku lonse. "Koma mkazi ujayo, aise, ndi chitsulo! Mmene anawapanikizira akuluakulu aja! Funso lija lakuti chidindo chimagona m'kabati ya ndani, ndani wina akanaliganiza?"

Ine. Ndinaliganiza ine, mapaipi ali m'mikono, namwino akundikalipira kuti ndigone. W. sadziwa, amayesa ndinangopereka mapepala ngati wapositi. Ndinakoka msampha mwaukali, n'kulowetsa dzanja osayang'ana. Nkhanu inandipana chala mpaka ndinatukwana mtsinje wonse.

Lolemba, 27 Okutobala

Chala chatupa. A. ali pa TV m'mawa, ali pa TV masana. Wayamba kupendeketsa mutu akamamvetsera funso. Kale sankatero.

Lachiwiri, 28 Okutobala

Komiti yakumana. Mfundo ya a boma ndi iyi: chitetezo cha Nyumba chimaphimba zokhazo zimene zinakonzedwera ntchito ya Nyumba. Akuti palibe umboni woti mapepala anabwera chifukwa cha mafunso a mu Seneti. Mwina anabwera kuti apite kunyuzi, mafunso n'kudzabwera pambuyo ngati bulangete lofundika. Umboniwo ndinali nawo ine m'kamwa, ndakhala pomwepo ndikutafuna bisiketi.

Mmodzi wa iwo, watsitsi lopaka mafuta uja, anakweza pepala la mafunso. "Awa ndi mafunso a loya wochenjera. Munthu wamba sangalembe zotere."

Munthu wamba! Ndinasiya sukulu ndevu zisanamere, malamulo a Seneti ndinawerenga ndekha tsamba ndi tsamba ndili ndi dikishonale pambali, lero mafunso anga akhala a loya. Ndinaluma lilime mpaka kumva magazi.

Mayi Oldacre, gogo wa mbali ya boma amene amakonda malamulo a Nyumba kuposa chipani chake, anandisuzumira pamwamba pa magalasi. "A Bostock, mwadwala kodi? Msonkhano ukutha simunakalipire aliyense."

Ndinati ndi chala. Voti Lachinayi. Ndapirira, ndipo palibe amene angadziwe kuti ndapirira. Chowawa ndi chimenecho.

Lachitatu, 29 Okutobala

Ndaononga.

M'mawa atolankhani anali pakhomo la Seneti panja, monga amachitira masiku onse kudikira amene akufuna kulankhula. Ndinkangodutsa. Wina wamaikolofoni yaubweya ananditchinga, akumwetulira mwaulemu.

"A Seneta, inu amene mwakhalitsa muno, mwaphunzirapo chiyani pa kulimba mtima kwa Seneta Sarkis?"

Kuphunzira. Ine. Kwa iye.

Mutu unangoti waa. "Ndiphunzire chiyani kwa mwana amene ndinamulozera ndine kumene kuli chimbudzi m'nyumba muno? Mapepala aja anabwera kwa ine, kunyumba kwanga! Mafunso aja ndi anga, ndinalemba ndili m'chipatala!"

Maikolofoni onse anatembenuka ngati ng'ombe zamva galimoto ya udzu.

Panja. Chinthu choyamba chimene ndinamuphunzitsa A. sabata yake yoyamba ndi chimenechi: m'kati mwa Nyumba kapena mukomiti nena chilichonse, palibe wapolisi kapena khoti angagwiritse ntchito mawu ako. Ukangodutsa chitseko, pakamwa pako ndi pa munthu wamba. Ndinkamubwereza mpaka kutopa nane. Dzulo ndinali mukomiti, mawu omwewa akanakhala otetezedwa, ndinameza. Lero ndawalavula pasimenti ya panja, mphepo ikuwomba, makamera ali tcheru.

Dzina la W. sindinatchule. Ndi chokhacho.

Pa nkhani za madzulo andionetsa kamphindi, nkhope ili psuu, pansi alemba kuti "mnzake wa Sarkis".

Lachinayi, 30 Okutobala

Haddrick sanakweze mawu. "A Seneta, nkhani iyi simungaikhalire. Mukudziwa nokha." Ndinatola magalasi anga n'kutuluka, onse akuyang'ana pathebulo. Voti aisuntha, ikhala Lolemba, ndipo andiitana ndikaonekere ngati mboni. Anayi kwa atatu.

A. ndinakumana naye pakhonde. Ndimayembekeza kuti akalipa, ndinali nditakonzeka kale mayankho. Anangondiyang'ana.

"Dzina lanu lamveka, Madala. Zikomo."

Chitseko anatseka modekha. Bola akanachimenyetsa.

Loweruka, 1 Novembala

W. sanabwere kumtsinje. Ndinatenga makiyi a galimoto kuti ndipite kwawo, Glenys anaima pakhomo.

"Mukupita kuti? Mukawalondolere njira? Mwawauza kale kuti munthuyo amafika kunyumba kwanu, tsopano mukawaonetse geti lake?"

Ndinati ndikufuna ndikamufotokozere. Anati mkazi wa W. wamuimbira dzulo akulira, ndipo palibe chofotokoza chimene iye sanachimve pa TV.

"Ine ndimalankhula mosapsatira, Glenys, unandikwatiwa ukudziwa."

"Mosapsatira n'kunena chokupwetekani inu, bambo. Chija chinali chokometsa inu, chopweteka wina."

Anandilanda makiyi n'kundipatsa makina odulira udzu. Ndadula kapinga yense, ndi wa aneba omwe. Khadi la ukwati wa Leanne lili pachitseko cha firiji, ndiye mowa ndamwa wofunda, sindinafune kutsegula.

Lolemba, 3 Novembala

Mpando wa mboni uli kumapeto kwa thebulo, pali kapu ya madzi basi. Mabisiketi ali mbali inayo. Sindinkadziwa kuti kuchokera kumeneko anthu amaoneka aakulu chotero.

Ndinafotokoza zonse kupatula dzina. Kuti munthu anabwera kwa seneta wake kuti nkhani ikafunsidwe mu Seneti, osati kunyuzi. Kuti mafunso analembedwa nyuzi isanamve fungo. Watsitsi lamafuta anayesa kundikola za dzina, ndinamuuza kuti akafunse nkhanu. Haddrick anati ndibweze mawuwo. Ndinabweza.

Kenako Mayi Oldacre. "Bwanji simunadikire kuti muchire mukafunse nokha?"

"Nyama inali ikukwera sitima, mayi. Anthu anali akudya."

"Maseneta ndi ambiri m'nyumba muno. Bwanji Seneta Sarkis?"

Ndinamwa madzi. Ndinayang'ana kudenga. Muno ndi m'kati, bodza pamaso pa komiti ndi mlandu, ndipo gogoyo amanunkhiza bodza ngati W. amanunkhizira nyama yoonongeka.

"Chifukwa ine ndimakalipa, munthu n'kupeza pobisala m'phokoso langalo. Iye amafunsa modekha mpaka munthu kudzikulunga yekha chingwe. Mafunso anali anga, koma ndikanafunsa ine akanafera m'chipinda momwemo. Amandiposa."

"Sitinamve bwino kumapetoko. Bwerezani kuti alembe."

Ndikulumbira anamva. Ndinabwereza.

Chakumadzulo Haddrick anaimirira m'Nyumba. Komiti yagamula kuti mapepala anali a ntchito ya Seneti, matumba abwezedwe osatsegulidwa. Anayi kwa atatu, koma mbali inayo: gogo wawoloka. Seneti yavomereza. Pa intaneti alemba kale kuti "Sarkis wapambana".

Ndiye khomo la A. latsekeka. Latsala lotseguka ndi limodzi, ndipo ndinalitsegula ndekha Lachitatu.

Lachiwiri, 4 Novembala

Tsiku la mpikisano wa mahatchi wa ku Melbourne. Dziko lonse limaima, Nyumba ya Malamulo nayo. Antchito anga anavala zipewa zawo n'kupita kukaonera kuchipinda chachikulu kumene kuli nkhuku yootcha ndi vinyo. Atolankhani onse komweko. Ine ndinati sindikupita, sindikufuna kukamva A. akumuombera m'manja.

Kugogoda.

Awiri okha. Sajeni wamkazi waulemu bwino ndi mnzake wonyamula chikwama. Chilolezo cha khoti, dzina langa litalembedwa bwinobwino pamwamba. Ndinasuzumira pakhonde. Mbee, ngakhale wosesa. Chinthu chimene ndachilakalaka masabata awiri chafika, woonera palibe.

"A Seneta, potsatira zomwe munanena pakhomo Lachitatu, tikufuna foni yanu, kompyuta, ndi mapepala alionse okhudza nkhaniyi."

Mtima uja unadzuka. Ndani akuyesa kuti Clarrie Bostock ali ndi chobisa? Ndinatulutsa foni m'thumba, dzanja lili kale kutsogolo. "Tengani zonse, werengani pompano, ine sindine wobisala kumbuyo kwa..."

"Madala."

A. anali pakhomo. Chipewa chanthenga chitapendekeka, nsapato m'manja, akupumira m'mwamba. Akuti mlonda wa pageti anamunong'oneza, anathamanga osavala kuchokera mbali ina ya nyumba.

Ndinayang'ana foni ili m'manjamo. Chithunzi cha pagalasi ndi W. atanyamula nkhanu yaikulu, akuseka mano onse panja. Ndikangoipereka osanena mawu aja, atha kuitsegula lero lomwe. Mawuwo amanenedwa pomwepo, zinthu zisanachoke m'manja.

Ndipo anandithawa. Mawu amene ndinawaloweza ndi dikishonale, amene ndinamuphunzitsa iyeyu, m'mutu munangoti mbuu. Sajeni akudikira, dzanja atatambasula.

"Anthea. Ndinene chiyani?"

Sanamwetulire, ndimuyamikire pamenepo. Ananena chidutswa, ine kubwereza, chidutswa china, ine kubwereza, ngati mwana wa Sande sukulu. Zonse zili muno ndi za ntchito ya Seneti. Zili pansi pa chitetezo cha Nyumba. Zimatidwe, zipite kwa Mlembi.

Sajeni anagwedeza mutu, mnzake anatsegula chikwama n'kutulutsa thumba. Foni, kakompyuta kanga, mapepala a mafunso olemba pamanja okhala ndi dontho la supu ya kuchipatala. Anamata, tinasaina.

Tili panjira A. anati komiti singagamule mosiyana pa mapepala omwewo sabata imodzi, gogo Oldacre angalole kufa kaye. Ndikuganiza akunena zoona. Nthawi zambiri amanena zoona, ndilo vuto lake.

Khonde lalitali lija tinayenda anayi, iye osavala nsapato, ine ndikutsimphina. Mwadzidzidzi nyumba yonse inaphulika ndi phokoso, zitseko zonse zikukuwa, mahatchi afika kumapeto.

"Mpikisano watha," anatero A. "Ndiitane atolankhani? Atha kufika tisanalowe kwa Mlembi. Tingoyenda pang'onopang'ono."

Ndinaima. Ndisaname, ndinaima ndithu. Ndinaona kale tsamba loyamba, ine ndi thumba, bondo lopindika. Kenako ndinaona W. akuliwerenga kukhitchini kwake.

"Ayi. Gwira chitseko."

Anagwira. Mlembi anatsegula kabati yachitsulo, n'kuika thumba langa pashelefu pomwe panachoka ake dzulo. Malo anatsala ambiri. Langa ndi limodzi, laling'ono ngati la buledi.

Ake anali asanu.